Digiri, Satifiketi Kapena Kungoyamba Ntchito: Kucheza ndi Achinyamata a ku Chemusa

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

MUULUTSI: Moni kwa inu a ku Chemusa amene mwangotsika kumene minibasi yochokera m'tauni, a ku Mbayani, a ku Chirimba, ndi inu nonse a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa mpaka ku Machinjiri. Amayi, ngati mwana wanu wa Fomu 4 uja ali pakhonde ndi foni, muitaneni akhale pafupi ndi wailesi. Nanunso musachoke, chifukwa ndalama imene tikambe lero ndi yanu.

Zotsatira za MSCE zikatuluka, m'nyumba zambiri mumamveka mawu akuti, "Ine ndikufuna za makompyuta." Mwana akangotero, alangizi amachuluka. Amalume ake akuti popanda digiri palibe chake. Mnzake wa kutchalitchi akuti digiri n'kutaya zaka 4 pachabe, kuli satifiketi ya Cisco, miyezi ingapo basi, mabanki azichita kukulimbirana. Achimwene ake okonza mafoni pamsika akuti, "Iwe, bwera kuno uphunzire ntchito, mapepala sadyedwa." Onse atatuwa sakunama. Aliyense akunena za munthu amene anamuona ndi maso. Koma mwana ndi mmodzi, ndipo thumba la pakhomo nalonso ndi limodzi.

Ntchito za makompyuta n'zambiri ndipo sizifanana. Pali munthu amene amaitanidwa muofesi pulinta ikakana kusindikiza, kompyuta ikagwidwa vairasi, kapena abwana akaiwala pasiwedi. Pali amene amayala zingwe ndi kukonza marauta kuti nthambi ya banki ya ku Limbe izilankhulana ndi likulu. Pali wolemba mapulogalamu, ngati awa amene amachititsa kuti mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ichoke m'foni mwanu ikafike kwa agogo ku Mulanje. Pali wosunga ndi kusanthula deta, amene mabungwe a kafukufuku wa zaumoyo ozungulira chipatala cha Queen Elizabeth amawafuna kwambiri. Palinso woteteza makina kwa akuba a pa intaneti. Olemba ntchito safuna pepala lofanana kwa anthu onsewa.

Ndiye ndikupatseni ntchito yoyamba, yaulere. Pitani ku laibulale ya National Library Service m'tauni, kapena mubwereke kwa aneba amene amagula nyuzipepala. Tsegulani masamba a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times. Kwa mwezi wathunthu, ntchito iliyonse ya makompyuta imene mwaiona, koperani m'kope zimene akufuna. Mwezi ukamatha mudzakhala mwadzionera nokha mmene zimalembedwera. Pamwamba pamakhala digiri kapena dipuloma. Pansi pake, zaka zimene munthu wagwira kale ntchito. Satifiketi monga CCNA imabwera kumunsi, nthawi zambiri ndi mawu akuti amene ali nayo adzaganiziridwa mwapadera. Ndondomeko imeneyi muiloweze, chifukwa ndi mmene olemba ntchito a m'dziko muno amawerengera.

Choncho ndinena mosapsatira. Amene wasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma, apite. Asamvere zimene akuona pa YouTube zoti digiri inatha ntchito. N'zoona kuti ku America makampani monga Google ndi IBM analengeza kuti pa ntchito zina safunanso digiri. Koma kuno amene amalemba anthu ambiri ndi boma, mabanki, TNM ndi Airtel, MRA, ESCOM, Blantyre Water Board ndi mabungwe othandiza. Kumeneko kalata yanu siyambira m'manja mwa katswiri wa netiweki. Imayambira kwa a ofesi yolemba anthu ntchito, amene ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo mulu umenewu amausefa ndi pepala la sukulu. M'boma ndiye n'zoonekeratu: wa digiri amalowera giredi yake, wa dipuloma giredi yotsikirapo, ndipo luso lanu, ngakhale likhale lotani, silisuntha lamulo limeneli.

Ife a ku Chemusa tili ndi mwayi woti sukulu ili pafupi. MUBAS, imene akuluakulu mumaidziwabe ndi dzina la Poly, ili pa Chichiri pomwepa. Inayamba mu 1965, ndipo mu 2021 inachoka pansi pa University of Malawi n'kuima payokha. Ku Thyolo, pa Ndata, kuli MUST, imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014 ndipo ili ndi maphunziro a chitetezo cha makompyuta. Ku Zomba kuli UNIMA, Chanco yakale ija, ndi Computer Science yake. Kumpoto kuli Mzuzu University. Kusankha kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pamafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Kwa inu amene mukadali Fomu 3, mverani apa: maphunziro a makompyuta amayang'ana kwambiri masamu. Mwana wodziwa kutsegula WhatsApp ya amayi ake ikavuta koma masamu akuwathawa, akudzitsekera yekha njira.

Za fizi, boma linakhazikitsa bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, mu 2015. Imeneyi ndi ngongole, makolo, idzabwezedwa. Koma ndi ngongole ya m'makwacha, ndipo mumva posachedwa chifukwa chake ndikutsindika za kwacha.

Chimene digiri yabwino imapatsa munthu ndi maziko. Zilankhulo zolembera mapulogalamu zimasintha, makina amasintha, koma wodziwa chifukwa chimene nkhokwe ya deta imakonzedwera mwakutimwakuti, kapena mmene uthenga umayendera kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, amaphunzira chatsopano msanga. Ndipo inu amene maso ali ku Joni, dziwani kuti chilolezo cha ntchito cha anthu a luso losowa ku South Africa chimafuna kuti mapepala anu a sukulu aunikidwe ndi bungwe la SAQA. Kumeneko n'kovuta kufotokoza kuti ndinaphunzira kwa achimwene pamsika.

Komabe digiri ili ndi pobowoka pake. Alipo achinyamata amene amavala gauni, kujambulitsa, kudya mpunga wa chikondwerero, koma sanamangepo chingwe cha netiweki ndi manja awo, sanatsegulepo kompyuta kuona m'kati. Akafika pa intavyu n'kupatsidwa laputopu yokana kuyaka, thukuta kamukamu. Wophunzira wa ku yunivesite amene akudikira atachimenti ya chaka chachitatu kapena chachinayi kuti agwire makina koyamba, wachedwa kale. Tchuthi chilichonse azipeza pogwira.

Nanga amene sanasankhidwe? Amenewa ndiye ambiri, ndipo ena mwa iwo anakhoza bwino ndithu, malo ndi amene amachepa. Njira ya dipuloma ilipo, ndipo ine ndimaiona kuti anthu amaipeputsa mosayenera. NACIT, koleji ya boma ya makompyuta, ili ndi nthambi kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo yakhala ikuphunzitsa madipuloma a NCC Education a ku Britain, amene munthu amatha kukwera nawo mpaka digiri ya University of Greenwich. Kuli makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo ena mwa makolejiwa amaphunzitsa ICT. Wa dipuloma amayamba ntchito msanga kuposa mnzake wa digiri. Akagwira zaka zingapo amatha kulowa yunivesite pa khomo la akuluakulu, lija amati mature entry, n'kumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu akulipira ndi malipiro ake. Njirayi ndi yaitali ndipo ndi yotopetsa, koma munthu amafika ali ndi zonse ziwiri, pepala ndi zaka za pantchito.

(NYIMBO KWA KAMPHINDI.)

MUULUTSI: Tabwereranso. Kwa amene mwangotsegula kumene wailesi, tikucheza ndi achinyamata ofuna ntchito ya makompyuta. Tsopano tifike pa masatifiketi, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndalama za mabanja zimatayikira kwambiri.

Choyamba, mapepala otchedwa satifiketi alipo a mitundu iwiri. Pali limene mumapatsidwa mukamaliza miyezi itatu pa kasukulu ka makompyuta ka m'chipinda chapamwamba pa sitolo, komwe amaphunzitsa Word, Excel ndi PowerPoint. Maphunziro amenewa ndi othandiza, ndipo aliyense wofuna ntchito ya muofesi ayenera kuwadziwa. Koma pepala limenelo silikupangani kukhala katswiri wa makompyuta, ngakhale likhale ndi chidindo chagolide. Mtundu winawo ndi satifiketi ya kampani kapena bungwe lodziwika padziko lonse: CCNA ya Cisco ya za netiweki, A+, Network+ ndi Security+ za CompTIA, za Microsoft, za AWS. Izi simupatsidwa chifukwa munkabwera m'kalasi. Mumalemba mayeso pa kompyuta moyang'aniridwa, nthawi zambiri kudzera ku Pearson VUE, ndipo wolemba ntchito amatha kutsimikiza pa intaneti kuti ndi yanudi. Sukulu ina ikakuuzani kuti ikuphunzitsani CCNA, funsani kuti, "Pepala limene ndidzatenge ndi la Cisco kapena ndi lanu?" Yankho lake limasiyanitsa zinthu kwambiri.

Chachiwiri, mayesowa amalipiridwa m'madola. Mayeso a CCNA, amene kuyambira mu 2020 anaphatikizidwa kukhala amodzi, mtengo wake ndi madola 300. A AWS oyambira ndi madola 100. A+ ili ndi mayeso awiri, ndipo aliwonse amalipiridwa paokha. Tsono kumbukirani kuti mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700 ku banki. Pa mtengo umenewo madola 300 ndi ndalama yoposa K500,000, ndiye kuti mwawapeza madolawo ku banki, zimene aliyense wochita bizinesi akuuzani kuti si zapafupi. Mukalephera ndi mamalikisi ochepa, ndalama yonse yapita. Mayi wogulitsa tomato pa Chemusa, kapena bambo wogwira ntchito ku mafakitale a ku Chirimba, aganize kawiri asanatulutse ndalama imeneyi.

Chachitatu, masatifiketiwa amatha. CCNA imakhala zaka 3. Za CompTIA ndi za AWS chimodzimodzi. Mnyamata akalemba lero n'kukhala pakhomo zaka 3 osapeza ntchito, satifiketi ija yafa asanaidyerere. Digiri ndi dipuloma sizitero.

Ndiye kodi ndikunena kuti masatifiketi ndi achabe? Ayi ndithu. Satifiketi ili ngati laisensi ya dalaivala wa minibasi. Mwini galimoto amaifuna, popanda iyo sakupatsani ntchito ya pamsewu waukulu. Koma asanakupatseni makiyi amakhala pambali panu n'kunena kuti tayendetsani tione, ndipo pa chitunda choyamba amadziwa ngati munayendetsapo. Kwa munthu amene ali kale pantchito, wakhala chaka kapena ziwiri akuthamanga ndi mapulinta ndi zingwe, CCNA imamukweza kuchoka pa wothandiza anthu muofesi kufika pa woyang'anira netiweki. Kwa womaliza digiri amene akupikisana ndi anzake ambirimbiri a digiri yomweyo, satifiketi imamusiyanitsa. Ndipo makampani ena amalipirira antchito awo mayesowa, mwina n'kuwasainitsa kuti asachoke msanga. Ndalama ya kampani ipite pa mayeso a madola, ya amayi ipite pa zina.

Pali chinthu china chimene achinyamata amanong'onezana, chotchedwa madampu. Amenewa ndi mafunso a mayeso obedwa amene amayenda pa intaneti, munthu n'kuloweza mayankho osamvetsa kanthu. Ena amakhoza nawodi. Koma Cisco ndi CompTIA akakugwirani amalanda satifiketi, ndipo ngakhale asakugwireni, tsiku limene netiweki ya kampani idzagwe, abwana ataima kumbuyo kwanu, makasitomala ali pamzere, palibe funso la A, B, C limene lidzatuluke pa sikirini. Amene amafunsa mafunso pa intavyu anawazolowera anthu oterewa. Amangofunsa kuti, "Tatiuzani vuto limene munakumana nalo ndi mmene munalithetsera." Woloweza amangoti kakasi.

Chosangalatsa n'chakuti kuphunzira kwenikweniko n'kwaulere, kapena tinene kuti mtengo wake ndi bandulo. Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro oyambira osalipira, ndi pulogalamu yotchedwa Packet Tracer imene mumamangira netiweki yonse, marauta ndi maswitchi, m'kati mwa laputopu yanu. Yunivesite ya Harvard inaika poyera maphunziro ake oyambira otchedwa CS50. Kuli freeCodeCamp kwa ofuna kulemba mapulogalamu. Mungathe kuphunzira zonse za CCNA mpaka kuzidziwa bwinobwino, mayeso n'kudzalemba tsiku limene ndalama kapena bwana wolipira adzapezeke.

Tsopano za ntchito. Dandaulo la achinyamata ndimalidziwa: akufuna zaka 2 za pantchito, nanga zaka 2 zimenezo ndizitenga kuti ngati palibe wondilemba? Dandauloli ndi loona. Koma tayendani pa Chemusa pomwepa mutsegule maso. Pali timashopu tosindikiza ndi kujambula mapepala, ndipo pulinta yake imavuta sabata iliyonse. Pali anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, amene makompyuta awo adzaza mavairasi. Pali masukulu a pulaiveti amene anagula makompyuta n'kuwaunjika m'chipinda, theka lake osayaka. Pali matchalitchi ndi mizikiti imene ikulembabe mayina a anthu ndi zopereka m'kope. Pali magulu a banki m'khonde amene amakangana pa kawerengedwe chaka chikamatha. Malo onsewa akufuna munthu. Pitani kwa ahedi mwaulemu mukanene kuti, "Bambo, ndiloleni ndiyese kudzutsa makompyutawa, ndikatha mudzandilembere kalata."

Kalata imeneyo ndiye nkhani yonse. Achinyamata ambiri a m'makwalala mwathu ntchito anaigwira kale yochuluka, koma palibe paliponse pamene inalembedwa. Mnyamata wakonza mafoni zaka 4, koma pa CV pake palembedwa MSCE basi. Khalani ndi kope. Lembani tsiku, makina ake, vuto linali chiyani, munachita chiyani. Jambulani chithunzi ntchito isanayambe ndi itatha. Pemphani kalata yokhala ndi chidindo ndi siginecha kwa aliyense amene mwamugwirira ntchito yooneka. Wolemba mapulogalamu aike ntchito zake pa GitHub kuti wolemba ntchito akadzionere yekha. TEVETA ilinso ndi ndondomeko yoyesa luso la anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi n'kuwapatsa pepala. Achimwene okonza mafoni aja akafunse ku ofesi yawo kuno ku Blantyre ngati ntchito yawo ili m'gulumo.

Maganyu a boma a nthawi yochepa nawonso musawanyoze. Mu 2017, pamene NRB inkalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, achinyamata ambiri anayenda m'midzi ndi makina ojambula zithunzi ndi zala, akulimbana ndi mabatire ndi fumbi. Ntchito ngati imeneyo imalembedwa pa CV. Kuyambira mu 2018 boma lakhalanso likutumiza omaliza maphunziro ku maofesi osiyanasiyana kuti akaphunzire ntchito.

Chenjezo lilipo. Kugwira mwaulere kukhale ndi malire. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mukuphunzira zatsopano, chabwino. Koma ngati chaka chatha, ntchito ndi yomweyomweyo, kampani ikupanga ndalama ndi manja anu, inu ngakhale ya minibasi osapatsidwa, pemphani kalata yanu mutsanzike mwaulemu.

Ndipo kunena za manja, manja amenewa akhale oyera. Wokonza foni amaona zithunzi za anthu, mauthenga awo, nambala zawo zachinsinsi. Wa muofesi amaona malipiro a aliyense. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndi la Data Protection Act la 2024. Kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Kutsegula foni imene mukudziwa bwinobwino kuti ndi yobedwa, kapena kukopera zithunzi za mtsikana amene wabweretsa foni kuti mukonze sikirini, kungakutsekereni ntchito moyo wanu wonse. Blantyre ndi wamng'ono, akatswiri a makompyuta amadziwana, ndipo asanakulembeni amaimbirana foni.

Achinyamata ambiri masiku ano akuti akufuna kukhala oteteza makina kwa akuba a pa intaneti. Ntchitoyi ikufunikadi. Tonse tikukumbuka mu Febuluwale 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a ku Immigration n'kumafuna dipo. Anthu ofuna kupita kunja kukagwira ntchito, kukaphunzira, ngakhale kukalandira chithandizo cha mankhwala, anasowa pogwira. Koma palibe banki imene ingapereke chitetezo cha makina ake kwa munthu amene sanayendetsepo netiweki kapena seva. Ntchito imeneyi munthu amafikako atadutsa kwina. Amene akukulonjezani kuti m'masabata 6 mukhala katswiri wa chitetezo, akufuna fizi yanu.

(NYIMBO KWA KAMPHINDI.)

MUULUTSI: Pali dzina limene limatchulidwa nthawi zonse pa mkangano umenewu, la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Anthu amati, si uyo anasiya sukulu chifukwa cha fizi, nthawi ya njala, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito buku la mulaibulale ndi zitsulo zotola? Zoona zimenezo. Koma nkhani yake amaidula pakati. Atadziwika, Kamkwamba anabwerera ku sukulu, ndipo mu 2007 anakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha. Anakaphunzira ku African Leadership Academy ku South Africa, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Chimene anapanga ndi manja ndi chimene chinamutsegulira sukulu, ndipo mwayi utapezeka sanaukane. Za Bill Gates ndi Mark Zuckerberg, amenenso amatchulidwa kuti anasiya sukulu, ingokumbukirani kuti sukulu imene anasiyayo inali Harvard, ndipo kwawo sikunali kosowa ufa.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi cha Baobab Health. Inayamba mu 2001 ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, pamene Gerry Douglas ndi anzake anaika timakompyuta togwira ndi chala pa sikirini kuti azilembetsera odwala. Kenako makina otere anafalikira ku zipatala zina, makamaka kumene anthu amalandirira ma ARV, kuphatikizapo ku Queen Elizabeth. Mapulogalamu ake ankalembedwa ndi achinyamata a ku Malawi konkuno. Mafunso amene ankalimbana nawo ndi athu enieni: magetsi akazima makina azigwirabe bwanji, namwino amene sanagwirepo kiyibodi alembe bwanji odwala ali pamzere wautali. Mayankho a mafunso ngati amenewa sapezeka pa mayeso a Cisco, ndipo m'kalasi amangowakhudza pang'ono. Munthu amawadziwa ataima m'chipatalamo.

Atsikana, musakhale kumbuyo pa nkhaniyi. Amene anayambitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, malo oyamba m'dziko muno osonkhanitsa achinyamata a luso la makompyuta, ndi mayi, Rachel Sibande, amene anaphunzira Computer Science ku Chancellor College. Makolo, pakhomo pakakhala laputopu imodzi, isakhale ya mnyamata yekha mtsikana ali kuchitsime kapena pa mbaula.

Tifike pa laputopupo. Bambo wina angafunse kuti, "Ndili ndi kandalama kochepa, mwana sanasankhidwe, ndiyambire pati?" Ine yankho langa ndi lakuti muyambire pa makina. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, bola ikhale ndi RAM ya 8 GB, ikhale ndi SSD, ndipo koposa zonse batire yake ikhale yamoyo. Muiyese pomwepo musanalipire: muizule pa magetsi muone ngati ikhala. Tonse tikudziwa mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi kuzima tsiku lonse. Laputopu ya batire yakufa m'nyengo ngati imeneyo ndi katundu wongosunga. Yotsalayo ikhale ya bandulo, ndipo mwana aphunzire kutsitsa maphunziro ake nthawi imene ali ndi intaneti kuti aziwerenga ngakhale bandulo itatha. Mupatseni miyezi itatu. Ngati pa miyezi imeneyo laputopu ija yangokhala ya mafilimu ndi mpira, mwapulumutsa fizi ya zaka ziwiri. Ngati mukumupeza usiku akulimbana ndi chinthu chimene chakana kugwira, osafuna kugona mpaka chitheke, ameneyo mukamulipirire dipuloma mtima uli m'malo.

Mukapita kukalipira, musapite ndi ndalama tsiku loyamba. Makoleji a pulaiveti achuluka mu Blantyre, abwino alipo, ena ndi chikwangwani chokha. NCHE, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imatulutsa mndandanda wa sukulu zolembetsedwa ndi wa maphunziro ovomerezeka. Mindandandayi ndi iwiri. Sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa koma maphunziro a makompyuta amene mwana wanu akufunawo asanavomerezedwe. Ndiye mufunse za maphunzirowo potchula dzina lake, ndipo mukaone nokha pa mndandanda wa NCHE, osangokhulupirira chimene chapachikidwa pakhoma la ofesi. Ngati ndi sukulu ya ntchito zamanja, mufunse za kulembetsedwa kwake ku TEVETA. Ngati mayeso ake ndi a bungwe lakunja, mufunse ngati ndalama ya mayeso ili m'kati mwa fizi kapena idzafunidwa payokha m'mapaundi kapena m'madola, chifukwa mabanja ambiri amadzidzimuka nazo chaka chikamatha, mwana ataphunzira kale koma osatha kulemba.

Kenako pemphani kuti akuonetseni chipinda cha makompyuta nthawi ya kalasi, osati Loweruka masana. Werengani makompyuta amene akuyaka, muwerengenso ophunzira. Funsani kuti magetsi akazima amatani. Potuluka, imani pageti mucheze ndi wophunzira wa chaka chachiwiri aphunzitsi palibe, mumufunse ngati anatsegulapo kompyuta ndi manja ake, ndi kumene anzake a chaka chatha ali lero.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyino tidzakamba za kalembedwe ka CV ndi kalata yofunsira ntchito kwa munthu amene sanalembedwepo ntchito. Mudzabwere ndi kope lija la m'nyuzipepala, tidzaligwiritsa ntchito. Tsalani bwino, mugone bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA.)